Rambo akuyankhula Chichewa ku Makawa, athu ali kuhotela

Mwera ukakwiya kunyanja kuno palibe amene amauyankha. Udayamba Lachiwiri usiku, ndipo pofika m'mawa mabwato onse adali pamtunda, zilimira zitapindidwa, mathandala ali mbee opanda ndi kausipa komwe. Alovi, anyamata amene masiku onse amagona masana n'kukagwira ntchito usiku, ankangozungulira pa Makawa manja ali m'thumba ngati anthu oti basi yawasiya. Ine ndidali nditabwera kudzaona a malume amene miyendo ikuwavuta, ndiye poti nane ndidalibe chochita, ndidatsata komwe unyinji unkalowera.

Kanyumbako mukukadziwa, ngakhale ena mwa inu mukana poti tsopano mumavala tayi. Makoma a bango okutidwa ndi mapepala akuda, pakhomo pali chinsalu chomwe kale chidali cha chipani, mabenchi a matabwa osapala, ndipo panja pali chisipika cholira moti mayi wogulitsa zitumbuwa kutsidya kwa msewu amaitsata nkhondo yonse osalipira ngakhale tambala. Mtengo wolowera ndi wa chitumbuwa chomwecho. M'katimo fungo la thukuta, la nsomba ndi la fodya zidapanga mgwirizano womwe andale athu adaulephera kalekale. Tsikulo pa bolodi adalemba ndi choko: Commando, ya Chichewa.

Filimuyi idatuluka mu 1985, ine ndisanabadwe, ndipo ndaionerapo kosawerengeka. Koma iyi idali ina. Arnold Schwarzenegger atangotulukira atasenza chimtengo paphewa, mawu a DJ adalengeza kuti achimwenewa akuchokera ku Phirilongwe kokaba mitengo ya makala, ndipo akuyenda mwandawala chifukwa a zankhalango ali pambuyo. Mwana wawo wamkazi atagwidwa ndi zigawenga, tidauzidwa kuti amutenga ngati chikole poti bambo ake alephera kubweza katapila. Nyumba yonse idafa nalo phwete. Mkulu wina wa ndevu zoyera, kofia ili pamutu, ankapukuta misozi ndi mkono wa mkanjo. Kwa ola limodzi ndi theka palibe adatuluka, ngakhale kukataya madzi.

Ndikudziwa zomwe anzanga ophunzira mumanena za anyamata omasulira mafilimuwa. Mumati ndi mbava, ndi mbuli, akuononga luso la eni ake. Mawu amenewa ndawamva m'misonkhano ya alembi ku Blantyre, tikumwa tiyi wa mabungwe. Ine lero ndabwera kudzakangana nanu. Ndatha sabata zitatu ndikuonera mafilimu akale ndi atsopano kuchokera ku Mpondasi mpaka ku Monkey Bay, ndipo ndabwerako ndi mfundo yowawa: mnyamata wa maikolofoni yomanga ndi mphira uja wachita chomwe ife a madipuloma talephera. Wamulemekeza woonera pomuyankhula m'chiyankhulo chomwe akumva, pamalo pomwe ali, pamtengo womwe angathe. Ife mafilimu athu timaphikira alendo, ndipo akatha kudya timayamba kudandaula m'nyuzi kuti Amalawi sakonda zakwawo.

Usiku womwewo ndidawaonetsa a malume, pa laputopu yanga, The Boy Who Harnessed the Wind. Iyi idatuluka mu 2019 pa Netflix, ndipo ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, yemwe pa njala ya 2001 ndi 2002 adasiya sukulu posowa fizi n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zidutswa za njinga ndi zitsulo zakudzala. Adaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku Britain kwa makolo a ku Nigeria, ndipo iye yemweyo ndiye akusewera ngati bambo ake a William. William mwiniyo ndi Maxwell Simba, mnyamata wa ku Kenya. Ndisaname, filimuyi ndi yokongola. Adaijambulira konkuno. Fumbi ndi lathu, Gule Wamkulu ndi wathu, ndipo pomwe anthu akuphwanyana pamzere wa chimanga ine ndidayang'ana kumbali, chifukwa chaka chimenecho ndidali mwana wa pulayimale ndipo kukoma kwa nsima ya gaga ndikukudziwa.

A malume adamvetsera kwa mphindi ngati khumi, dzanja lili kukhutu. Kenako adati: "Iwe mphwanga, kodi bambo wa mwanayu ndi wansembe?" Ndidati ayi malume, ndi mlimi wa fodya ndi chimanga. "Nanga bwanji akuyankhula ngati bambo mfumu wongotsika kumene ndege kuchokera ku Italy?" Kuyambira pamenepo ntchito yanga idali yowerenga Chingerezi cholembedwa m'munsimo n'kumawauza zomwe mlimi wa ku Kasungu akunena. Inde awerengi, ndinkamasulira Chichewa kupita m'Chichewa.

Ejiofor sindikumunyoza. Adakhala pansi n'kuphunzira chiyankhulo chomwe akadatha kuchisiya, ndipo ambiri a ife timalephera kuyankhula nacho ana athu omwe m'nyumba. Koma Lily Banda, mwana wakwathu, akangotsegula pakamwa mufilimumo khutu limapuma, ndipo pomwepo umadziwa kuti zikadatheka kuti lipume filimu yonse. Makutu omwe eni ndalama ankawaopa sadali athu. Mzungu wa ku London sangasiyanitse mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kwa iye zonse ndi phokoso lokoma la ku Africa. Chotero tsiku limodzi lomwelo ndidaona chimphona cha ku Austria chikuyankhula Chichewa chosalala ngati cha pa depoti ya basi, ndipo mlimi wa ku Wimbe akusowa womutanthauzira.

Tsono wina ati amenewo ndi alendo, nanga athu? Athu alipo, ndipo ena ndi akatswiri oti ndiwavulire chipewa. Shemu Joyah, munthu yemwe ntchito yake yeniyeni ndi yoyeza malo, adatipatsa Seasons of a Life, kenako The Last Fishing Boat mu 2012, ndi The Road to Sunrise mu 2017, yomwe idakatenga chikho cha filimu yopambana ya kummwera kwa Africa ku Lagos mu 2018. Joyce Mhango Chavula adali atatenga kale chikho chomwecho mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe. Gift Sukali ndi anzake adapanga Fatsani, ya kamtsikana kogulitsa malonda mumsewu, yomwe idatumizidwa kukayesa mwayi ku Oscars mu 2021. Imeneyi ndidaioneranso paulendowu, ndipo ngakhale pena imathamanga ngati ikuthawa mvula, anthu ake amayankhula monga timayankhulira pa msika. Luso lilipo m'dziko muno. Amene akukana zimenezi ali ndi kaduka.

Koma tiyeni tiime pa The Last Fishing Boat, poti ndi ya kuno. Adaijambulira m'boma lino la Mangochi. Malemu Hope Chisanu akusewera ngati Yusufu, msodzi yemwe kale adali mwanaalirenji koma tsopano nsomba zatha m'nyanja. Mwana wake Mustafa wasiya nkhafi n'kuyamba kuperekeza alendo odzaona malo, ndipo sakugulitsa ziboliboli zokha. Mkazi wake wachitatu, Abiti Anefa, yemwe ndi Flora Suya, wagwetsa m'maso mzungu wa chikwama cholemera. Palibe khomo pakati pa Nkopola ndi Chembe lomwe nkhani yotere ingakhale yachilendo. Ndiye ndidayamba kufunsa, pa Makawa, pa Namiasi, ku Msaka, ku Chembe komwe: mudaionerapo? Alovi ankandiyang'ana ngati ndikuwafunsa za mwezi. Mwa onse omwe ndidawafunsa, mmodzi yekha ndiye adagwedeza mutu, mnyamata woperekeza alendo, ndipo iyenso adangoimvera kwa mayi wina wa ku Germany yemwe adaionera kwawo.

Zaka zoposa khumi chituluke, filimu ya msodzi wa ku Mangochi yafika ku Ulaya, koma yalephera kufika padoko pomwe idabadwira. Ha!

Mwambo wake timaudziwa tonse, nane ndidavalapo jekete yobwereka kukakhala nawo. Filimu ikatha amaikhazikitsa kuhotela ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Pansi pali kapeti yofiira, tikiti yake ndi ndalama yoti mlovi n'kudyetsa banja lake sabata yathunthu, mlendo wolemekezeka amafika mochedwa n'kulonjeza kuti boma liganizira za luso, ndipo theka la anthu limatuluka filimu ili m'kati poti zithunzi ajambulitsa kale. M'mawa mwake filimu ija imakwera ndege. Ikabwerako ndi chikho timaiona m'nyuzi, mwini wake akumwetulira pabwalo la ndege, kenako imakagona m'kompyuta yake. Ina ikachita mwayi amaiponya pa YouTube, kumene kuti uionere mpaka kumapeto bandulo yake ndi ya ndiwo za masiku awiri. Ndiye tikakumana timagwedeza mitu kuti vuto la Malawi ndi loti kulibe nyumba zoonetsera kanema. Kulibe? Nanga zomwe zadzadza kuyambira ku Chimwala mpaka ku Makanjira ndi makola a mbuzi? Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma lino lokha, ndipo malo a malonda omwe ndidafikako opanda kanyumba ka vidiyo sindidawaone. Zoona, madzulo a Loweruka mpira wa ku England ndiwo walanda mabenchi, ndipo achinyamata ambiri tsopano amathiritsa mafilimu m'mafoni. Koma amene amawathirira ndi anyamata omwewo, pa kauntala yomweyo. Msika ulipo. Ife ndife amene timaunyansidwa fungo.

Matendawa ndi akale, si ife tidawayamba. Kuyambira 1948 atsamunda adali ndi Central African Film Unit ku Salisbury, yomwe inkapangira anthu akuda a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja timafilimu towaphunzitsa kusunga ndalama ku positi ofesi ndi kumvera alangizi. Titalandira ufulu zidangosintha utoto. A malume amakumbukira galimoto zachikasu za unduna wa zamalimidwe zomwe zinkafika madzulo pabwalo la sukulu: kapoperedwe ka thonje, kathiridwe ka feteleza, zidole zovina, ndi Ngwazi ikuyendera minda. M'tauni, omwe ankalowa mu Apollo ku Blantyre ankaonera zomwe lumo la bungwe la Censorship lasiya, malinga ndi lamulo la 1968. Mwamuna akangoyandikira mkazi, mwadzidzidzi kwacha, onse avala ndipo akumwa tiyi. Wailesi yakanema ya dziko lino idadzatsegulidwa mu 1999, maiko oyandikana nafe atatopa nayo kale.

Chomwe ndikutanthauza n'chakuti munthu wa kumudzi kuno wakhala akulandira mitundu iwiri ya kanema. Wolowera pakhomo, ndi chilolezo cha a DC ndi a mfumu, amabwera kudzamulangiza. Mpaka lero a mishoni amafika ndi jenereta ndi chinsalu choyera kudzaonetsa filimu ya Yesu ya 1979, yomwe adaimasulira m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe. Mabungwe amafika ndi ya makondomu ndi ya kusamba m'manja. Andale amafika ndi yawo chisankho chikayandikira. Onse ofuna moyo wake, thupi lake kapena voti yake njira ya kudoko amaidziwa bwinobwino, ndipo palibe mmodzi amadandaula kuti kulibe holo. Koma kanema womusangalatsa, womuseketsa, womuliza ngati munthu wamkulu wodziwa kuganiza yekha, ameneyo wakhala akulowera pawindo. Ife a m'badwo wa matipate tidakula naye: Bruce Lee mu Enter the Dragon, Chuck Norris, Van Damme mu Bloodsport, Mithun Chakraborty akuvina mu Disco Dancer, matepi otopa omwe ankachita mizeremizere mpaka mwini vidiyo atawapukuta ndi malaya. Chingerezi sitinkamva ndi liwu lomwe. Tinkangodziwa kuti uyu ndi sitaringi ndipo safa, uyo ndi bwana wa zigawenga ndipo afera kumapeto. Kenako a Nigeria adabwera ndi asing'anga awo ndi apongozi ankhanza, amayi athu nawo n'kuyamba kulowa. DJ adangomaliza ntchito yomwe ife tinkaichita kale m'mabenchi, pomwe yemwe adaionerapo dzulo ankakhala pakati n'kumatiuza zomwe zikubwera.

A Nigeria omwewo adayamba bwanji? Living in Bondage ya mu 1992, yomwe ambiri amati ndiyo idatsegula chitseko, idali m'chiyankhulo cha Igbo, ndipo idagulitsidwa pa matepi m'misika. Sadadikire holo ya mipando yofewa. Ku Uganda, Isaac Nabwana adajambula Who Killed Captain Alex? mu 2010 m'makwalala a matope a ku Wakaliga mu Kampala, ndipo m'malo momuthamangitsa womasulira wa m'vidiyo, adamulowetsa m'filimu momwemo kuti mawu ake akhale mbali ya nkhani. Ku Kenya mwana aliyense amamudziwa DJ Afro. Ngakhale gogo wa kanema wa mu Africa, Ousmane Sembène wa ku Senegal, adasiya kudalira mabuku ake a Chifalansa ataona kuti anthu omwe ankawalemba sangawawerenge, napanga Mandabi m'chiyankhulo cha Wolof mu 1968, ndipo ankayenda nawo mafilimu ake m'midzi. Ameneyutu timamutchula kwambiri m'misonkhano yathu ija. Kuyenda kwake kokha ndiko sitikutchula.

Ndikumva kale mukung'ung'udza, ndipo zina mukunena zoona. Kuba ndi kuba. Lamulo la umwini wa luso la 2016 lilipo, COSOMA ilipo, ndipo munthu amene wagulitsa galimoto yake kuti ajambule filimu sangasekerere kuiona ikuthiridwa m'mafoni pamtengo wa chingwa iye osalandirapo kanthu. Schwarzenegger sagona ndi njala chifukwa cha vidiyo ya pa Makawa, koma wathuyu akhoza kugona nayo. Pamenepo sindikutsutsa. Funso langa ndi lakuti, chiyambire, ndani mwa opanga mafilimu athu adakhalapo pansi ndi eni mavidiyo a boma limodzi lokha n'kupangana nawo mtengo? Ndani adayesapo kupereka filimu yake kwa DJ wodziwika kuti aimasulire mwa chilolezo, phindu n'kugawana? Wogulitsa zakumwa zoziziritsa kukhosi amafikitsa botolo lake ku Makanjira, msewu uli choncho, ndipo ndalama yake amaitolera. Panopa wopanga filimu akuopa kuberedwa ndi anthu omwe ngakhale dzina lake sakulidziwa.

Za ana ojomba kusukulu nazo n'zoona. Ine ndemwe ndidakwapulidwapo ndili Sitandade 6 chifukwa cha Rambo, ndipo zipsera zake ndikhoza kukuonetsani tikagwirizana. N'zoonanso kuti mavidiyo ena usiku ukakula amatsitsa sipika n'kuika zolaula, tiana tili pa benchi yakutsogolo. Ameneyo ndi mlandu, ndipo mafumu ndi apolisi asauonerere. Koma sitidatsekepo misika chifukwa choti mumagulitsidwa kachasu.

Chomwe chimandipweteka ine ndi china, ndipo pano ndiwatembenukire anzanga a maikolofoni. Ku Monkey Bay ndidalowa moonetsa Hotel Rwanda ya 2004, nkhani ya kuphedwa kwa Atutsi mu 1994. DJ wake, posadziwa chomwe akuona, adaisandutsa nthabwala. Galimoto ikudumphadumpha pa mitembo mumsewu wa nkhungu, iye nkuti madalaivala a masiku ano ziphaso amachita kugula. Anthu adaseka, ndipo ine ndidatuluka. Ambiri mwa anyamatawa Chingerezi chawo n'choperewera, ndiye pomwe sakumva amathirapo zawo. Mkazi aliyense wovala buluku kwa iwo ndi hule, Mtchaina aliyense ndi wodya achule, wolumala ndi choseketsa. Lilime lakuthwa ali nalo, koma kuwerenga adakusiyira panjira. Tsono amene adawerenga ndi ndani? Si ife? Tili ndi alakatuli odzaza minibasi khumi, a zisudzo omwe adaphunzira ku Chancellor College, omasulira omwe amathera luso lawo pa malipoti a mabungwe omwe palibe amawawerenga. Tikadatsika pa mipando yathu, Hotel Rwanda ikadamveka m'Chichewa choti munthu n'kutuluka ali chete. Tidawasiyira ana mpeni, ndipo tsopano tikudabwa kuti akudzicheka.

Palinso mfundo yomwe ine wolemba m'Chichewa ndiyenera kuivomera mutu uli pansi. Filimu ikatha pa Makawa, mkangano wa panja, woti kodi munthu mmodzi angaphedi asilikali onse aja, umachitika m'Chiyao. Chichewa cha DJ ndi cha ku Ndirande, ndipo kwa agogo ambiri kuno nachonso n'chobwera. Chiyambire 1968, pomwe Chichewa chidakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chiyao chidakhala kunja kwa wailesi ya boma mpaka ulamuliro wa zipani zambiri utabwera m'zaka za m'ma 1990. Pa kanema chikadali kunja. Ndidaganiza zimenezi poonera Buddha in Africa, ya mu 2019, yomwe Nicole Schafer wa ku South Africa adajambula pa malo olerera ana amasiye a Abuda a Chitchaina kufupi ndi Blantyre. Mnyamata wa m'filimumo, wochokera m'banja la Chisilamu kumudzi, amaponya miyendo ngati Jet Li ndipo Chitchaina chili pamlomo, koma akapita kwawo kukacheza amakhala ngati mlendo pakati pa abale ake. Anyamata a m'mabenchi aja, omwe adakulira kung fu, akadaionera imeneyi sakadaphethira. Nayonso yazungulira maiko, kuno sinafike.

Ndipo nkhani zoti n'kujambula zangoti mbwee, zikuola ngati usipa wa nthawi ya mvula. Tidalira tonse ndi Titanic ya 1997, atsikana mpaka kumanga chithunzi cha Leonardo DiCaprio pakhoma. Koma pa Mangochi Boma, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija musanakwere mlatho wa pa Shire, pali chikumbutso cha sitima ya Vipya yomwe idamira pa 30 Julaye 1946 kumpoto kwa nyanja yomweyi ndi anthu 145, ambiri mwa iwo akuda omwe adali m'chipinda cha pansi. Timapadutsa pa kabaza osatembenuka. Pomwepo palinso mfuti ya sitima ya Gwendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 idakaombera sitima ya Majeremani iwo asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Imeneyo ndi nthabwala yopsa kale, yongofuna wopakula. Nanga Henry Masauko Chipembere, yemwe mu Febuluwale 1965 adatsika ndi anthu ake kuchokera cha ku Malindi, nalanda Fort Johnston, ulendo wa ku Zomba n'kukathera pa pantoni ya pa Liwonde? Nanga zomwe midzi ya kuno idaona pambuyo pake? Akuluakulu omwe adaziona ndi maso akutha mmodzimmodzi, ndipo tikuwaika m'manda pamodzi ndi mafilimu awo.

Zakale zikakulemerani, tengani za lero. Mudzi uliwonse kuno uli ndi nyumba ya malata yomwe mwini wake ali ku Joni chaka chachisanu ndi chimodzi, mkazi akulera ana ndi mawu a pa WhatsApp. Uli ndi mnyamata yemwe adabwerako kudzera ku Lindela ndi jumbo yokha m'manja, ndi wina yemwe adabwera m'bokosi pa ngolo ya basi. Chambo chidatha ku Malombe anthu akuona. Amayi ogula usipa amadziwa mtengo wina womwe sutchulidwa masana. Zonsezi tazisiyira mabungwe kuti apangire timafilimu ta mphindi khumi tothera ndi uthenga ndi chizindikiro cha wopereka ndalama.

Tsiku loti ndinyamuka mawa lake ndidachita chinthu chomwe a Joyah andikhululukire. M'chikwama ndidali ndi diski ya The Last Fishing Boat yomwe ndidagula ndi ndalama zanga zaka zapitazo. Ndidamupempha mwini vidiyo uja kuti aiike masana, nthawi yomwe anthu amachepa. Adaitembenuza uku ndi uku n'kufunsa ngati muli ndewu. Ndidati mulibe. Mfuti? Mulibe. Adati ndiye mulipire nokha mabenchi onse, anthu alowe ulere, chifukwa ine sindifuna kutukwanidwa.

Adalowa anthu osakwana makumi awiri. Nyanja itangooneka pa sikirini wina adakuwa kuti akupadziwa pamenepo, mnzake n'kumutsutsa, ndipo mkangano wa malo udatenga mphindi zisanu. Azungu atayamba kuyankhula, ng'ung'udzu adayamba, awiri n'kutuluka. Apo kamnyamata kothandiza mwini vidiyo, komwe kadalekezera Fomu 2, kadatola maikolofoni yoitanira makasitomala n'kuyamba kumasulira, pena m'Chichewa, pena m'Chiyao, pena zongopeka. Sipika ya panja ija idagwira ntchito yake. Pomwe mzungu ankamuzungulira Abiti Anefa, pakhomo padali patadzaza, ndipo mayi wa zitumbuwa uja adali ataima pa chinsalu, beseni lili pamutu, akumulangiza mkazi mnzake mokweza. Mkulu wa kofia sadaseke tsiku limenelo. Pomwe Yusufu ankadandaula za nsomba ndi za mwana wake, iye adangoti zii, maso ali pansi, ndipo wina adandinong'oneza kuti wake wachiwiri ali ku Chembe, amayenda ndi azungu.

Itatha sadaombe m'manja, kuno sitichita zimenezo. Adatuluka akukangana za yemwe adalakwa, ndipo mlovi wina adandigwira mkono kufunsa kuti pati thuu ifika liti. Mwini vidiyo adanditengera pambali, fulashi ili kale m'manja. Adati bwana, mphindi khumi zokha, pofika Lachisanu ikhala ili ku Namwera ndi ku Makanjira, ndipo DJ wake ndikumudziwa.

Ndidaima pamenepo nthawi yaitali kuposa momwe munthu wolemba nkhani ngati ino amayenera kuimira. Kenako ndidaibweza diski ija m'chikwama, poti si yanga yoti ndigawe. M'mawa mwake mwera udali utagona, mabwato atabwerera pamadzi. Ndikudikira minibasi ndidaona kamnyamata kaja kakufufuta bolodi ndi malovu, n'kulembapo Kickboxer.